Nthambo ya a Namakhwa

Magetsiwa sabwera msanga, alamu, lekani kuyang'ana babu ngati lili ndi chisoni. Kokerani mpando kuno ku mbaula, muzitembenuza mbatatazo zingapserere. Paja inu mumati mizimu ndi nkhani za anthu osapita kusukulu? Chabwino. Ine kusukulu ndinapita, satifiketi yanga ya zamagetsi ili m'sutikesi umo. Ndipo zomwe ndikuuzenizi sizinachitikire kumanda kapena pa mphambano ayi. Zinachitika masanasana, pa ntchito, pakati pa makina odula kuposa nyumba ino.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku wailesi ina ya kanema mu Blantyre muno, m'chipinda cha matepi. Chipindacho chinali pansi, kutsika masitepe khumi ndi anayi, chopanda windo ngakhale limodzi. Tinkangoti kudzenje. Ukalowamo sunkadziwa ngati kunja kwacha kapena kwada, ndipo kuzizira kwake kunkafika m'mafupa, poti matepi sagwirizana ndi kutentha. Mkulu wathu kumeneko anali a Namakhwa, bambo wa ku Phalombe, wamfupi, wotsimphina mwendo wamanzere, woseka kamodzi pa chaka. Ine aliyense ankanditcha Fanesi, koma iwo dzina limenelo sanalitchulepo. Ankangoti a Nachisale, ngakhale pondikalipira.

Kuti nkhaniyi muimve, ndikuuzeni kaye kanthu kamodzi ka ntchito yathu. Makina akuluakulu a matepi aja si ngati vidiyo yanu ija ya ku Bangwe yomwe munkachita kuimenya mbama kuti iyende. Ukafuna kukopera chithunzi kuchoka pa tepi ina kupita pa inzake, makina awiri amayenera kuyendera limodzi, osasiyana ngakhale pang'ono. Ndiye pa shelefu yachitsulo panali kabokosi kena kotuwa, kosapatsa n'chidwi chomwe, kamene kankatumiza kugunda kwake m'nthambo kupita ku makina onse. Ukakalumikiza ku sikirini sunkaona kanthu, mdima wokhawokha, n'chifukwa chake pa ntchito tinkati bulaki. Koma mu mdimamo munali kugunda kosaphonya, ndipo makina onse ankapondera pomwepo. A Namakhwa ankakatcha ng'oma. Ankati ovina awiri opanda ng'oma amapondana zala.

Pa makina ojambula panali swichi ya mbali ziwiri. Ukaikankhira kumanja, makina amamvera ng'oma yobwera m'nthambo ija, ndipo kanyali kobiriwira kamayaka. Ukaikankhira kumanzere, amangotsatira chithunzi chomwe chikulowa. Kumanzere kunali kwachidule. Sudikira kanthu, suwerama kuyang'ana nthambo, umangodina basi. Tepi ikakhala yatsopano zimayenda bwinobwino, palibe angadziwe. Koma ikakhala yokalamba n'kuyamba kudzandira, makina ojambula nawo amadzandira, chithunzi n'kung'ambika pakati. Ndipo chong'ambika pojambula sichisokeka.

A Namakhwa anali ndi kachitidwe kawo kosasintha. Nyengo ya manachesi ankafika ndi limodzi m'thumba la jekete. Ankalisenda pang'onopang'ono, khoko lonse n'kutuluka limodzi, lalitali, lopotana, losaduka paliponse, n'kulisiya pa ngodya ya tebulo. Akatero ankayang'ana swichi, n'kumadikira kanyali kobiriwira uku akugogoda tebulo ndi chala: go, go, go. Lamulo lawo linali limodzi: popanda ng'oma, osadina. Selotepi sankataya. Akamatula kachidutswa ankakamata m'mphepete mwa tebulo kuti kadzagwirenso ntchito, ndipo ife tinkawaseka kumbali kuti nkhalambayi ndi youmira.

Tsono ine ndi changu changa tinkaona ngati zonsezi n'zotaya nthawi. Tsiku lina anandipeza nditakankhira kumanzere pa tepi ya nkhani za madzulo. Anaimitsa makina pamaso pa anzanga onse, n'kundiuza kuti ndiyambirenso. Ndinapsa mtima. Pakamwa panga mukupadziwa, alamu, achimwene anu amakuuzani. Ndinati, "Bambo, nthawi yanu inatha. Makompyuta akubwerawa akutayani pamodzi ndi kabokosi kanuko."

Iwo sanakweze mawu. Anabweza swichi kumanja, n'kunena ali chiyang'anire makina kuti, "Tsiku lina mudzagwira tepi yosabwereza, a Nachisale."

Mawu anga oipa aja anapherezera. Makompyuta anabweradi, ntchito yonse inakwera m'mwamba. Mphezi ya mu Januwale inaotcha kabokosi kaja, anthu n'kukazula, kukataya. A Namakhwa anawapumitsa ntchito. Sipanathe miyezi inayi, tinamva kuti atisiya kwawo ku Phalombe. Galimoto yopita kumaliro inanyamukira pa geti penipeni, koma ine ndinanamizira mutu. Sunali mutu, anali manyazi. Ndinali ndisanawapepese, ndipo sindinkadziwa kuti akazi awo ndikawayang'ana bwanji.

Panapita zaka zitatu. Kudzenje kunasanduka kosungirako makatoni, kiyi wake ankakhala ndi ine poti palibe wina ankamufuna. Ndiye mu Juni, chiperoni chitakuta tauni yonse, Lolemba m'mawa ndinapeza nkhalamba ina itakhala pa benchi ya alendo. Inavala chikhoti chachikulu, ndodo ili pakati pa miyendo. Bwana anandiitana n'kunena kuti, "Awa ndi a Gwedeza, achokera ku Ntcheu. Odziwa za matepi mwatsala ndinu nokha, tawamverani."

Ndinagwada pambali pawo. Anandiyang'ana mopendeketsa mutu, ndi diso limodzi.

"Mayi," anatero, "akazi anga Nangozo ndi amene ankatsogolera nyimbo pa gule wa msindo kwathu. Chaka china anthu anu anabwera ndi makamera pa ukwati wa mwana wa achimwene, anawajambula akuvina. Kumudzi kunalibe kanema, ife sitinaonere. Patapita zaka ziwiri Nangozo anamwalira. Chithunzi chawo ndilibe ngakhale chimodzi." Anaima kaye, n'kupukuta m'maso ndi kansalu. "Masowa akutha. Lamanja linatseka kale, lamanzereli likuona ngati kudzera m'nsalu. Adokotala akuti mvula ikamadzagwa kudzakhala kutada. Ndimati ndiwaone kamodzi kokha. Nkhope yawo yayamba kundithawa."

Anati akugona kwa mphwawo wina ku Ndirande, ndipo galimoto yomwe inawabweretsa ibwerera Lachinayi masana.

Tepi ya ukwatiwo ndinaipeza kudzenje tsiku lomwelo, pansi pa katoni yonyowa. Nditatsegula kachitseko kake ndinatha mphamvu. Inali itachita chuku, ikumata ku zala. Tepi yotere imadutsa m'makina kamodzi kokha, ndipo podutsapo imakhala ikupukutika. Makina atsopano a m'mwamba, olumikizana ndi kompyuta aja, ndi aukali, akanaitafuna mphindi yoyamba yomwe. Njira inali imodzi: kuiseweretsa pa makina akale a kudzenje, ofatsa aja, n'kuikopera pa tepi yatsopano. Ulendo umodziwo ukalephereka, ndiye kuti Nangozo afa kachiwiri, m'manja mwanga.

Ndinayesa kaye ndi tepi ina yachabechabe. Swichi kumanja, kanyali kofiira kanayamba kuphethira, kudandaula kuti ng'oma kulibe. Ndinakankhira kumanzere. Chithunzi chinayenda pang'ono, kenako chinadumpha, kung'ambika, kubwerera, kudumphanso. Ndinayesa kanayi, zomwezo. Ndinati basi, kumanzere komweko, bola nkhalamba ipezeko zidutswa kusiyana n'kubwerera chimanjamanja. Ndinasiya swichi kumanzere, ndinakiya chitseko, kiyi ndinaponya m'chikwama changa.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza swichi ili kumanja.

Ndinakwera masitepe mtima uli m'mwamba, kukasaka mayi Sapuwa. Amenewa anali osesa, mayi wachikulire amene anayamba ntchito pamalopo ife tonse tisanabwere. Ndinawapeza akukolopa pa khonde.

"Mayi Sapuwa, anakuuzani ndani kuti muzigwira makina?"

Anaimika chokolopera. "Ine? Kudzenje? Mwana wanga, tsache langa limathera pa sitepe yachitatu. Chaka chino n'chachitatu. Komanso kiyi si muli naye ndinu?"

"Nanga limathera pamenepo chifukwa chiyani?"

Anayang'ana kumasitepe, n'kutsitsa mawu. "Inu mumafika eyiti. Ine ndimafika sikisi. Mudzafike sikisi, mudzamve nokha."

Ndinawaseka, kuwauza kuti ukalamba wayamba kuwanong'oneza. Koma nditabwerera pansi, ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndisanalowe. Zonse zinali m'malo mwake. Makatoni, fumbi, kampando kathabwa ka a Namakhwa pa ngodya pafupi ndi shelefu. Kungoti fumbi la pa kampandoko linali lochepa kuposa la pa zinthu zina. Ndinadziuza kuti mwina ndinakakhudza ndekha dzulo. Tsiku lonse ndinakhalira kupukuta tepi ya Nangozo ndi kansalu kofewa, kuzunguza ndi dzanja pang'onopang'ono. Poweruka ndinatenga selotepi, ndinamata swichi ija kumanzere, mizere itatu, kuti ndione amene akusewera nane.

Lachitatu ndinalawira. Minibasi inanditsitsa pa siteji isanakwane sikisi, chifunga chili tolo, kamvula kaja kosanyowetsa koma kozizira kakuwaza. Kuchoka pa siteji kukafika pa geti ndi kamtunda ndithu, msewu wa mitengo mbali zonse. Ndili pakati ndinaona kuti kutsogolo kwanga kuli munthu. Nkhope sindinaione, anali atandifulatira. Wamfupi, wa jekete, paphewa atakoleka nthambo yokulunga. Ankayenda mosafulumira, mwendo wamanzere ukutsalira.

Ndinachepetsa liwiro. Ndinkamva nsapato zanga zokha, zake osamveka. Pafupi ndi geti chifunga chinakhuthala, ndipo nditafika ine panalibe munthu. Mlonda anali m'kanyumba kake, manja ali m'khwapa.

"Alowa ndani posachedwapa, achimwene?"

"Mayi Sapuwa okha. Kenako ndinu."

"Bambo wa nthambo paphewa?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumsewu, n'kuyamba kukonza buku lake lomwe linali lokonzeka kale. "Ine ntchito yanga ndi ya olowera pa geti, mayi," anatero.

Mayi Sapuwa anali atandidikira pamwamba pa masitepe. Sanandipatse moni, anangoloza pansi ndi mlomo. Ndinatsika. Sitepe yachitatu, yachisanu. Pa yachisanu ndi chiwiri ndinamva. Kuseri kwa chitseko chokiya, motsitsa, mosathamanga: go, go, go. Kudukiza. Go, go, go. Kenako fungo linandipeza, fungo la nachesi longosendedwa kumene, lija limalowa mpaka m'maso.

Musandifunse kuti mphamvu zotsegulira ndinazitenga kuti. Mwina ndi mkwiyo, paja ine mantha akandigwira ndimakwiya. Kiyi atangolira, kugogoda kunaleka. Ndinayatsa getsi. Munalibe munthu. Swichi inali kumanja. Selotepi yanga ija inali itamatulidwa bwinobwino, osang'ambika, n'kumatidwa m'mphepete mwa tebulo, tizidutswa titatu pa mzere.

Masitepe khumi ndi anayi aja ndinawakwera ngati atatu. Ndinakakhala kuseri kwa kantini, pa njerwa. Mumtima ndinkadziwa chinthu chimodzi, kuti a Namakhwa abwera kudzandibwezera. Munthu unamunyoza pagulu, kumaliro kwake osapondako, angakubwerere ndi zabwino? Ndinkaona kuti akufuna ndijambule swichi ili pa nthambo yakufa, tepi ya nkhalamba ionongeke, manyazi akhale anga mpaka kalekale. Ndipo chomwe chinkandiwawa kwambiri n'chakuti wolangidwa weniweni akanakhala a Gwedeza, munthu wosalakwa.

Mayi Sapuwa anandipeza pomwepo ndi kapu ya tiyi. Anakhala pambali panga, n'kundisiya ndilankhule zonse, za mawu aja, za maliro, za mutu wonamizira. Nditatha anafunsa kuti, "Munthu uja munagwira naye zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Pa zaka zimenezo anaonongapo tepi ya munthu?"

"Ayi. Ngakhale imodzi."

"Nanga akayambire kumanda?"

Tsiku limenelo kudzenje sindinatsikenso. A Gwedeza anabwera masana, n'kukhala pa benchi pawo paja. Ndinawauza kuti mawa. Anagwedeza mutu, n'kunena mofatsa kuti, "Mawa ndiye lomaliza, mayi." Kunyumba sindinadye, achimwene anu ankayesa ndi malungo.

Lachinayi cha m'ma teni ndinaganiza kuti a Gwedeza atsike nawo. Ndinati ngati kukopera kulephereke, aoneko ndi diso lawo pamene tepi ikudutsa ulendo wake umodziwo. Ofunika kuwagwira dzanja pa masitepe anali mayi Sapuwa. Atafika pa sitepe yachitatu anaima, anapuma mozama, n'kuyamba kupemphera chapansipansi, koma anatsika ndithu. Tinawakhazika a Gwedeza pa mpando wanga, nkhope pafupi ndi sikirini.

Asanakhazikike n'komwe anatembenukira ku ngodya, kuja kuli shelefu, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Wawa, bambo. Mwadzuka bwanji?"

Ine ndi mayi Sapuwa tinayang'anana. Ndinafunsa kuti, "Mukulankhula ndi ndani, agogo?"

"Si anzanu awo akhala pa ngodyapo? Masowa amaona zithunzithunzi zokha, koma pamene pakhala munthu ndimapadziwa." Anadikira pang'ono. "Sakuyankha. Kaya atanganidwa, tisawasokoneze."

Pa ngodyapo ife tinkaona kampando kathabwa basi. Mayi Sapuwa anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa, koma sanathawe.

Ndinalowetsa tepi yatsopano m'makina ojambula, ya Nangozo m'makina osewera. Swichi inali kumanja, kanyali kofiira kakuphethira. Ndinatambasula dzanja kuti ndikankhire kumanzere. Chala chitangokhudza swichi, tebulo linalira pafupi ndi chigongono changa. Go, go, go. Sikuti ndinangomva ndi makutu, ndinakumva kugogodako m'thabwa momwe ndinatsamira. Fungo la nachesi lija linabweranso. Dzanja langa linauma pomwepo.

Ndiye kanyali kofiira kanazima. Kobiriwira kanayaka, pa makina onse awiri, kosaphethira.

Alamu, ine ndine wa zamagetsi. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti kabokosi kaja kanatayidwa ine ndikuona. Kanyali kameneko kanalibe chifukwa choyakira. Ndinayamba kuwerengera mumtima. Ndikakankhira kumanzere, nkhalamba ipeza zidutswa, zong'ambika koma zilipo. Ndikasiya kumanja, chinthu chikuyatsa kanyalichi chikangoleka pakati, makina abalalika, sitipeza kanthu, ndipo tepi idzakhala itapukutika kale. A Gwedeza anali ataika manja pa ndodo, diso lawo limodzi lili pa sikirini yakuda, kudikira mkazi wawo.

Ndinakumbuka funso la mayi Sapuwa. Ndinachotsa dzanja pa swichi. Ndinalankhula mokweza, osayang'ana ku ngodya, "Bambo, ng'oma ndi yanu." Ndipo ndinadina.

Poyamba panabwera mizere yoyera yokhayokha. Kenako bwalo linaoneka, fumbi, mtengo wa mango, ana atakwera pa ngolo. Azimayi anatuluka pa mzere, zitenje zofanana, mikanda m'khosi. Patsogolo panali mayi wamtali wa duku yofiira, atakweza dzanja limodzi. Anatsegula pakamwa, nyimbo n'kudzaza kudzenje konse.

"Ndi ameneyo," anatero a Gwedeza. Sanafuule. Anangosendeza nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

Ine chithunzi sindinkachiyang'ana kwenikweni. Maso anga anali pa kanyali. M'makina osewera tepi inkalira ngati chitseko chosowa mafuta, ndipo kafungo ka kupsa kanayamba kumveka. Pa mphindi yachisanu ndi chimodzi chithunzi chinazimiririka, sikirini yonse mizere. Apa ndi pamene makina anga akumanzere akanagwera. Kanyali sikanagwedezeke. Makina ojambula anapitiriza kuyenda mofatsa ngati palibe chachitika, ndipo chithunzi chitabwerera chinagwera m'malo mwake ndendende. Zinachitikanso kachiwiri, kachitatu, ndinasiya kuwerenga. Nthawi yonseyi kugogoda kuja kunalipo, pansi pa nyimbo, kosathamanga, kosatsalira. Phazi la a Gwedeza linayamba kuponda limodzi nako. Ndinamva wina akuyimba motsitsa kumbuyo kwanga, n'kupeza kuti ndi mayi Sapuwa, maso ali otseka, akuvomera nyimbo ya ku Ntcheu yomwe anangoimva kumene.

Chakumapeto wojambula uja anayandikitsa kamera. Nkhope ya Nangozo inadzaza sikirini yonse, thukuta pa mphumi, kampata pakati pa mano. A Gwedeza anaika zala pa galasi.

"Amatsinzina diso limodzi akamakweza mawu," anatero. "Taonani. Ndinali nditaiwala zimenezi." Misozi inkatsika m'masaya mwawo koma ankaseka. "Nangozo, iwe. Ndi mwano wako womwewo."

Zinatha mphindi makumi awiri ndi zitatu. Gule atatha, anthu akubalalika pa bwalo, m'makina munamveka kuti thwa, tepi yaduka. Ndinadina poimitsa. Chala changa chisanachoke, kanyali kobiriwira kanazima, kofiira n'kuyambanso kuphethira. Kugogoda kunaleka. Fungo la nachesi, lomwe ndinali nditasiya kulimva chifukwa cholizolowera, ndinazindikira kuti lachoka.

Ndinabweza tepi yatsopano, n'kuiseweretsa. Bwalo, fumbi, duku yofiira. Mizere yoyera inalipo apo ndi apo, poti ukalamba wa tepi sungaufufute, koma chithunzi chinaima nji kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadumpha, osang'ambika. Ndinakhala pansi pa simenti yozizira ija n'kuyamba kuseka, kuseka kosanduka kulira. Mtima womwe unali m'mwamba kuyambira Lolemba unakhala pansi. Mayi Sapuwa ankangoti, "Mulungu ndi wabwino, Mulungu ndi wabwino," uku akundisisita pamsana. Tepi yakale nditaitulutsa inali itayera mbee, yoonekera mbali ina, fumbi lake lofiirira litatsalira m'makina. Sikanadutsanso.

Tisanakwere ndinapempha mayi Sapuwa kuti andiunikire ndi foni. Ndinagwira nthambo ya ng'oma kumbuyo kwa makina, n'kuitsatira ndi dzanja. Inadutsa pansi pa tebulo, m'mbali mwa khoma, kuseri kwa makatoni, mpaka pa shelefu pamwamba pa kampando kaja. Pamenepo inathera m'malere, yoduka ndi pulayala, mawaya ake atachita dzimbiri lobiriwira. Kangaude anali atalukapo ukonde kuchoka pa nthambo kukafika ku khoma, ndipo ukondewo unali wosaduka. Mayi Sapuwa anazimitsa foni. "Taona," anatero. "Tiyeni, nkhalamba ingachedwe."

M'mwamba ntchito inali yosavuta. Tepi yatsopano inalowa m'kompyuta popanda vuto, ndinawapangira zimbale ziwiri, china cha iwo, china cha mphwawo. Ndinawaperekeza mpaka pa geti, pomwe galimoto inkawadikira. Chifunga chinali chitayamba kuchoka. Pa getipo pamakhala mayi wina wa dengu la manachesi a ku Mwanza. A Gwedeza anaima, anapapasa m'dengu, n'kusankha awiri. Anandipatsa ndi manja awiri.

"Ili ndi lanu, mayi. Ili mukawapatse abambo aja. Anatuluka mwakachetechete, sindinawatsanzike. Mukawauze kuti chala chawo sichinaphonye ngakhale kamodzi. Kwathu tikanawapatsa ng'oma yaikulu."

Ndinati ndikawauza.

Ndinatsika ndekha, ndipo mukhulupirire, mantha ndinalibe. Ndinaika nachesi pa ngodya ya tebulo. Ndinagwada kuyang'ana kampando kaja, monga ndikanachitira zaka zitatu m'mbuyomo ndikanakhala ndi nzeru. Ndinapereka uthenga wa a Gwedeza mawu ndi mawu. Kenako ndinati, "Bambo Namakhwa, ndinalakwa. Pakamwa pananditsogolera. Kumaliro kwanu sindinabwere chifukwa cha manyazi, osati mwano. Tepi yosabwereza ija ndaigwira lero, ndipo pandekha ndikanaipha. Ndikhululukireni." Palibe chinayankha. Ndinazimitsa getsi, ndinakiya, swichi ndinaisiya kumanja.

Lachisanu ndinafika sikisi. Pa masitepe panali zii. Nditatsegula, nachesi panalibe. Pa ngodya ya tebulo panali khoko lake, limodzi, lalitali, lopotana, losaduka paliponse.

Mukuti makoswe? Makoswe a kwanu ku Bangwe amasenda choncho? Tatembenuzani mbatata iyo, yapserera mukumvetsera ndi pakamwa.

Kuyambira tsiku limenelo kugogoda sikunamvekenso. Mayi Sapuwa anatsika ndi tsache lawo mpaka sitepe yomaliza, n'kusesa kudzenje konse akung'ung'udza nyimbo ya Nangozo. Mwezi womwewo ndinakwera basi ya ku Phalombe kukaona akazi awo a malemu, ndipo anandilandira ngati mwana. Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, mphwawo wa a Gwedeza anandiimbira foni. Anati diso lija latseka, monga ananenera adokotala. Koma nkhalamba inamutuma kuti andiuze ine ndi anzanga a pa ngodya aja kuti tisadandaule, nkhope ija tsopano siikuthawanso.

Khoko lija ndinaliumitsa. Magetsi akabwera mukatsegule sutikesi, alamu, mukalipeza lili pamwamba pa satifiketi.